Kusankha manifodi ya V8 yakale ngati galimotoyo iziyenda misewu ya ku Zomba kuno

Munthu akadzutsa galimoto yakale ya V8, kaya ndi Fairmont ija inachokera ku Joni kalekale, kaya ndi Camaro kapena Mustang yoti mwachita kuitanitsa ndi thukuta lanu, maso amathamangira pa chinthu chija chakhala pakati pa mahedi awiri pansi pa kabureta. Manifodi imeneyo. Ya ku fakitale nthawi zambiri imakhala yachitsulo, yolemera makilo oposa 15, dzimbiri lokhalokha, ndiye mukaona za aluminiyamu zonyezimira pa intaneti mtima umangoti basi ndigule yaitali kwambiriyo, yooneka ngati ya mpikisano. Dekhani kaye achimwene. Manifodi sagula ndi maso, mumagula poyang'ana ma rev amene injini yanu imakhalapo tsiku ndi tsiku, ndipo kwa ife oyenda pa M3 ndi kukwera ku Chawe ma rev amenewo ndi otsika kuposa mmene ambiri amaganizira.

Ntchito yake ndi yosavuta kumva. Kabureta imasakaniza mpweya ndi petulo, manifodi ndi yomwe imagawa zosakanizazo kupita ku masilinda 8. Pansi pa kabureta pali kachipinda kotchedwa plenum, kuchoka pamenepo pali njira 8, ma runner, iliyonse kupita ku silinda yake. Amene munaonapo ngalande za ku sikimu ya mpunga ku Domasi kapena ku Likangala mukudziwa kuti madzi ochepa mu ngalande yopapatiza amathamanga, koma madzi omwewo mukawathira mu ngalande yaikulu amangoyenda mwaulesi matope nkumakhazikika pansi. Mpweya nawo ndi chimodzimodzi. Pa ma rev otsika injini imakoka mpweya wochepa, njira ikakhala yaikulu kwambiri mpweyawo umayenda pang'onopang'ono, petulo amagwa nkumamatira m'makoma a manifodi, masilinda ena amalandira wambiri ena wochepa, mukaponda moto galimoto imayamba yaganiza kaye isananyamuke.

Injini yanuyo ndi iti kwenikweni

Apa ndi pamene ndalama zambiri zimatayikira, chifukwa galimoto ya zaka 50 yadutsa m'manja ambiri ndipo zolembedwa pa boneti kapena mu blue book si umboni wa injini yomwe ili mkatimo lero. Musanatsegule nkomwe tsamba logulitsira, tengani tochi ndi nsanza ya petulo mukawerenge manambala. Pa small block ya Chevrolet, banja la ma V8 ang'onoang'ono a kampaniyo, nambala ya block ili kumbuyo, mbali yakumanzere mukakhala mkati mwa galimoto, pafupi ndi pomwe giyabokosi imamangidwa, ndipo nambala ya hedi ili pansi pa tapeti kava. Mwa njira, malangizo ochokera ku America akamati mbali ya dalaivala amatanthauza kumanzere, pomwe magalimoto athu ambiri chiwongolero chili kumanja, ndiye muziwerenga mwanzeru, anthu asakusokonezeni.

Small block ya Chevrolet inayamba mu 1955, ndipo kuchoka chaka chimenecho mpaka 1986 manifodi imamangidwa mofanana, mabawuti 12, kaya ndi 283, 305, 327 kapena 350, manambala amenewa ndi kukula kwa injini mu ma cubic inch. Kuyambira 1987 mpaka 1995 mabawuti anayi apakati anawapendeketsa mosiyana, ndiye manifodi yakale siyikhala bwino pokhapokha mutayamba kukuza mabowo, zomwe ine sindingakulimbikitseni pa chinthu choti mwalipira ndalama zambiri. Kenako mu 1996 kunabwera mahedi a Vortec, amenewa ali ndi mabawuti 8 okha oimirira choongoka ndipo madoko ake ndi aatali, mukaona nambala ya hedi yothera 062 kapena 906 dziwani kuti ndi amenewo. Ndichifukwa chake manifodi yotchedwa Performer ya kampani ya Edelbrock, mtundu umodzi womwewo, ili ndi manambala osiyana, 2101 ya mahedi akale, 2104 ya 1987 mpaka 1995, 2116 ya Vortec. Nambala imodzi yolakwika, katundu wafika pa Mwanza mwalipira kale msonkho wa MRA, kubweza ku America kapena ku Johannesburg ndi nkhani ina yoti simungaifune.

A Ford ndiye chenjerani kawiri. 289 ndi 302 za banja la injini lotchedwa Windsor zimagwiritsa manifodi imodzi, koma 351 Windsor block yake ndi yaitaliko, mahedi atalikirana, manifodi yake ndi yotambalala, sizisinthana ngakhale zimaoneka ngati mapasa. Ndiye pali Cleveland, yomwe ndi banja lina kotheratu. Izi zikutikhudza ife kwambiri chifukwa V8 zambiri za chigawo chino zinadzera ku South Africa ndipo zina mwa izo magwero ake ndi ku Australia. Fairmont GT inali ndi 351 Cleveland, Capri Perana ya Basil Green inali ndi 302 Windsor, Sierra XR8 ya 1984 nayonso 302 Windsor, koma ku Australia anapanganso 302 yomwe ndi Cleveland, ndiye munthu akangoti yanga ndi 302 sananene chilichonse. Werengani mabawuti a tapeti kava, 6 ndi Windsor, 8 ndi Cleveland. Njira ina, pa Windsor paipi yamadzi yapamwamba yochoka ku radiyeta imalowa pa manifodi, pa Cleveland imalowa pa block, manifodi yake simudutsa madzi. Ndipo Cleveland yomweyo ili ndi mahedi a 2V a madoko ang'onoang'ono ndi a 4V a madoko akuluakulu, manifodi iyenera kufanana ndi amene muli nawo.

Chevrolet SS ya ku South Africa ija ndi Holden Monaro yovala dzina lina, ina inatuluka ndi 350 ya Chevrolet koma ina ndi 308 ya Holden, ndipo manifodi ya Chevrolet pa 308 siyingakhale ngakhale mutapemphera. Za big block ndingodutsamo mwachangu poti kuno ndi zosowa, 396, 427 ndi 454 zili ndi mahedi a madoko ozungulira ndi ena a makona anayi, ndipo ku Chrysler 383 ndi 440 zimasiyana kutalika kwa block.

Dual plane kapena single plane

Mukachotsa kabureta nkusuzumira mkati, manifodi ya dual plane ili ndi khoma pakati, mbali imodzi yakuya ina yosaya. Mbali iliyonse imadyetsa masilinda anayi, awiri a hedi iyi awiri a hedi inayo, ndipo anazikonza motsatira mmene injini imawombera. Pa Chevrolet dongosolo lake ndi 1-8-4-3-6-5-7-2, ndiye mbali imodzi imatenga 1, 4, 6, 7, inayo 8, 3, 5, 2, kutanthauza kuti masilinda awiri otsatizana sakulimbirana mpweya m'chipinda chimodzi. Mbali iliyonse imakokedwa kamodzi pa madigiri 180 a kirankishafuti, kukokako kumafika ku kabureta kuli kwamphamvu, petulo amasweka bwino, ma runner ndi aatali, zotsatira zake galimoto imakoka kuchokera pansi penipeni ndipo idle imakhala yodekha.

Single plane ilibe khomalo. Chipinda ndi chimodzi chotseguka, ma runner afupiafupi ndi otakasuka, masilinda onse 8 akumwa mtsuko umodzi. Pa ma rev okwera imeneyi ndiye mfumu, mpweya umangodutsa popanda chopinga. Koma onani manambala amene opanga eni ake amalemba. Performer wamba amati kuchoka pa idle mpaka 5500. Performer RPM ndi RPM Air-Gap, zonse dual plane koma zazitaliko, 1500 mpaka 6500. Victor Jr., single plane yotchuka ija, 3500 mpaka 8000. Tsopano dzifunseni moona mtima kuti injini yanu inafikako liti pa 6000, osanena za 8000.

Tiyeni tiwerengere limodzi kuti zisakhale nkhani za pa bawo. Galimoto zambiri za nthawi imeneyo zili ndi otomatiki ya magiya atatu, ngati TH350 kapena C4, giya yomaliza ilibe overdrive. Tinene kuti difu ndi 3.08, matayala ndi a mainchesi 26 kutalika kwake. Pa 100 km pa ola injini imeneyo ikuzungulira pafupifupi 2500. Difu ikakhala 3.73 ndiye pafupifupi 3000. Ndiye ganizirani ulendo wa ku Blantyre, pa Thondwe tsiku la msika anthu ndi njinga zadzaza msewu, pa Namadzi mwatsika liwiro, kutsogolo kuli lole ya njerwa ikukwera chitunda, nthawi yambiri muli pakati pa 1500 ndi 2800. Mu tauni muno kuchoka ku Matawale kudutsa pa Chinamwali ndi makabaza mbali zonse ndiye osanena. Victor Jr. yanu ija pa ulendo wonsewu siyinafike nkomwe poyambira ntchito yake, mwangolipira kuti galimoto ikhale yaulesi ndi kumwa petulo yemwe mwamuimira pa mzere theka la tsiku.

Ndiye maganizo anga ndi awa ndipo sindizungulira. Injini ikakhala ya ku fakitale, kamu yake yomweyo, mahedi achitsulo omwewo, ekizozi wamba, gulani dual plane yaifupi ya mtundu wa Performer kapena yofanana nayo ya Weiand. Musayembekezere zozizwitsa, ngati munali kale ndi manifodi yachitsulo ya four barrel, ija ya kabureta ya mabowo anayi, kusiyana kwake ndi kochepa, phindu lalikulu ndi kupepuka kwa kutsogolo ndi kuchotsa chinthu chodyeka. Amene akuchoka pa two barrel kupita pa four barrel ndi omwe amamva kusintha kwenikweni. Ngati mwaika kamu yokulirapo, ma header omwe ndi mapaipi a ekizozi opuma bwino, mwina ndi mahedi opuma bwino, apo ndi pa Performer RPM kapena Air-Gap. Kuti muone mulingo wake, kamu yomwe Edelbrock amaiphatikiza ndi Performer pa 350 imatsegula ma valve kwa madigiri 204 ndi 214 poyeza pa mainchesi 0.050, pomwe yoyenda ndi RPM ili ndi 234 ndi 244, ndiye funsani amene anamanga injini yanu kuti yanuyo ili pafupi ndi iti. Single plane isiyireni munthu amene ali ndi kamu yolusa, kompuresheni yokwera, torque converter ya stall yokwera, yolola injini kukwera ma rev galimoto isananyamuke, ndi difu yaifupi, zonse pamodzi, osati chimodzi chokha. Ndipo injini ikakhala yaing'ono ngati 283, 289 kapena 305, tsikani sitepe imodzi pa zomwe mumaganiza, chifukwa manifodi yomwe ili bwino pa 383 ndi yaikulu kale pa 305. Manifodi ya tunnel ram ya makabureta awiri yotulukira pa boneti ija ndi yokongola pa chithunzi, basi.

Phiri, kutentha ndi petulo wathu

Manambala onse amene mumawerenga aja anayezedwa ngati injini ili pafupi ndi nyanja yamchere. Tauni ya Zomba ili pa mamita pafupifupi 900, mukakwera phiri mwadutsa 1500, ndipo mpweya umapepuka mukamakwera. Amakaniko amawerengera kuti injini yopanda turbo imataya pafupifupi 3 pa 100 ya mphamvu zake pa mamita 300 alionse, ndiye mutangoima pa depoti mwataya kale pafupifupi gawo limodzi mwa magawo 10. Mpweya wopepuka umakokanso petulo mofooka mu kabureta. Apa dual plane ikupambananso, chifukwa ndi yomwe imasunga kukoka kwamphamvu pa ma rev otsika, ndipo msewu wokhotakhota wokwera ku Chawe uja ndi wa giya yachiwiri, mukutuluka pa kona pa 1800 mukufuna galimoto iyankhe pompo.

Potsika ndiye pali nkhani ya mabuleki, ndipo iyi si yoseweretsa. Booster ya mabuleki imagwira ntchito ndi vakyumu yochokera mu manifodi. Injini yabwinobwino ya ku fakitale imapereka mainchesi 17 mpaka 21 pa geji ikakhala kunsi ku nyanja yamchere, ndipo pa mamita 300 alionse mumachotsapo pafupifupi inchesi imodzi, kutanthauza kuti kuno mwayamba kale ndi atatu ochepa. Mukaikapo kamu yaikulu vakyumu imatsikanso kwambiri, ndipo kamu yotero ndi yomwe imayenda ndi single plane. Pedulo imauma ngati mwala pamene mukuifuna. Geji ya vakyumu ndi yotchipa poyerekeza ndi manifodi, igulani, muyeze musanasinthe kalikonse, mulembe penapake.

Za kutentha. Manifodi za ku fakitale ndi Performer wamba zili ndi kanjira kodutsa utsi wa ekizozi pansi pa plenum, anakaika kuti injini izitenthera msanga kumaiko a chipale chofewa. Kuno mu Okutobala ndi Novembala kanjira kameneka kamangowiritsa petulo mu kabureta, mwaima pa msika mphindi khumi, pobwera galimoto ikukana kulira, fungo la petulo lili thoo. Petulo wathu amasakaniza ndi ethanol, zinayamba kale mu 1982 ndi fakitale ya ku Dwangwa, ndipo wosakaniza chotere sachedwa kuwira. Pali magasiketi amene amatseka kapena kuchepetsa kanjirako, koma ngati choko yanu ndi yakale ija yodalira kutentha kwa manifodi ndiye mukatseka muikenso choko yamagetsi. Air-Gap ilibiretu kanjirako ndipo ma runner ake anawakweza kuti pansi pazidutsa mphepo, osakhudzana ndi oyilo wotentha wa m'chigwa cha injini, nyengo yotentha ndi yabwino zedi, kungoti m'mawa wa Juni kukakhala chiperoni muzipirira mphindi zingapo isanakhazikike. Njira yotchipa kwa amene ali ndi Performer wamba ndi kaspesa ka phenolic, mtundu wa pulasitiki yolimba, pansi pa kabureta, kamatchinga kutentha, bola boneti ilole.

Kabureta ikhalapo?

Pamwamba pa manifodi pali mitundu iwiri ikuluikulu. Square bore mabowo anayi onse ndi ofanana kapena pafupifupi, ndi ya Holley 4150 ndi 4160 komanso makabureta a Edelbrock. Spread bore awiri akutsogolo ndi ang'onoang'ono, akumbuyo ndi akuluakulu, imeneyo ndi ya Rochester Quadrajet yomwe inabwera ndi magalimoto ambiri a General Motors. Performer 2101 imalandira zonse ziwiri, koma RPM 7101 ndi ya square bore, ya Quadrajet ndi 7104. Ma adapta alipo koma amakweza kabureta ndipo ndi malo ena owonjezera olowera mpweya wakuba. Ndipo ndinene pano, Quadrajet anthu amainyoza chabe chifukwa chosadziwa kuikonza, timabowo take takutsogolo tija timasunga petulo kuposa makabureta ambiri onyezimira, ngati yanu ili bwino musaitaye, gulani manifodi yoti igwirizane nayo.

Ngati mukugula kabureta yatsopano limodzi, masamu ake ndi awa, kukula kwa injini mu ma cubic inch kuchulukitsa ndi ma rev apamwamba amene mudzafikeko, kugawa ndi 3456. Pa 350 yofika 5500 mupeza 557 cfm, womwe ndi muyeso wa mpweya wodutsa mu kabureta pa mphindi imodzi, ndipo poti injini ya mumsewu siyidzaza masilinda ake onse mumachulukitsanso ndi 0.85, zikubwera cha m'ma 470. Ndiye 600 cfm ya vacuum secondary, yomwe mabowo ake akumbuyo amatseguka okha injini ikawafuna, ndi yokwana ndi kutsalako. 750 double pumper, ija ya mapampu awiri opopera petulo, pa injini yotere ndi kungodyetsa eni ma filling station.

Onaninso tinthu ting'onoting'ono tomwe timaiwalika mpaka tsiku lomanga. Pomangira kebulo ya moto ndi ya kickdown yotsitsa giya ya otomatiki mukaponda moto kwambiri, makamaka poti pa kabureta ya ku America chokokera chili kumanzere pomwe pedulo yanu mwina ili kumanja ndipo kebulo imachita kuzungulira. Bowo la paipi ya booster, la modulator ya giyabokosi, la sensa ya kutentha, la paipi ya hita, pomangira bulaketi ya alternator ndi koyilo. Amene muli ndi giyabokosi ya otomatiki ya 700R4 kebulo yake ya TV, yochoka pa kabureta kupita ku giyabokosi, ikakhala molakwika giyabokosi imapsa pa maulendo owerengeka, ndiye bulaketi yake igulidwe yoyenera, osati yowotcherera pa Ndola.

Boneti itsekeka?

Performer RPM ndi yaitali kuposa Performer wamba ndi pafupifupi masentimita awiri, Air-Gap ndi single plane zambiri nazonso ndi zazitali. Kuyeza kwake nkosavuta. Umbani timibulu ta dongo tinayi kapena tisanu, tikulungeni mu pulasitiki, ikani pamwamba pa air cleaner kutsogolo, kumbuyo, m'mbali ndi pa nati yapakati, tsekani boneti bwinobwino, tsegulani muyeze mmene taphwanyikira. Umenewo ndiwo mpata womwe muli nawo. Opanga amalemba kutalika kwa manifodi kutsogolo ndi kumbuyo kwa pokhala kabureta, yezani yanu yakale chimodzimodzi nkuchotsera. Siyani mpata wosachepera sentimita imodzi ndi theka chifukwa injini imagwedezeka pa mamaunting'i, ndipo ndi mabampu ndi maenje athuwa imagwedezeka kwambiri. Musathetse vutoli poika kafyuluta kopyapyala, fumbi la msewu wa ku Kachulu likufuna fyuluta yeniyeni, ndipo kufinya mpweya pamwamba pa manifodi yaikulu ndi kudzitsutsa nokha.

Yatsopano, yakale kapena yokopera

Edelbrock ndi dzina lakale, Vic Edelbrock anapanga manifodi yake yoyamba yotchedwa Slingshot mu 1938, ya flathead ya Ford, ndipo Weiand ndi Holley nawo ndi odziwika. Palinso zokopera zopanda dzina zotchipa kwambiri. Zina zimagwira ntchito ndithu, koma muyenera kuziyang'ana ngati mukugula mbuzi pa msika, madoko amatha kukhala osalunjika, nkhope zosasalala, ulusi wa mabawuti wofewa. Ndi vuto la forex lilipoli ndikumvetsa amene amapita kumeneko, koma werengerani mtengo wonse, kutumiza kumakhala pafupifupi kofanana kaya mwagula yeniyeni kaya yokopera, ndiye kusiyana komaliza sikukhala kwakukulu ngati mmene kumaonekera poyamba. Ndipo itanitsani zonse mu katoni imodzi, magasiketi oyenera madoko anu, gasiketi ya kabureta, ya distribyuta, ya thermostat, mabawuti ndi mawashala, chifukwa zimenezi mukazisowa simukazipeza mu shopu ya zida za Toyota.

Yogwiritsidwa kale ntchito, kaya mwaipeza ku Ndirande kaya wachibale wakupezerani ku Joni, itembenuzeni muyang'ane madoko a madzi kumakona ndi pokhala thermostat. Aluminiyamu yomwe yakhala pa injini yachitsulo yothiridwa madzi a pa mpopi kapena pa mjigo opanda coolant imadyeka nkukhala ndi timaenje, ndipo pamenepo madzi adzalowa mu oyilo. Ikani rula yachitsulo pa nkhope zake muone ngati kuwala kukudutsa pansi. Yang'anani ming'alu pafupi ndi mabowo a mabawuti a kabureta, ndipo funsani ngati inasikimidwapo, poti manifodi yosikimidwa kuti igwirizane ndi injini ya munthu wina pa yanu ikhoza kukhala yotsika.

Kusikima kumeneku kukukhudzanso mahedi anu. Injini zakale za kuno zambiri zinabwatapo, mahedi anapita ku makina mwina kangapo, ndipo hedi ikasikimidwa imatsika, madoko ndi mabowo a mabawuti sizikumananso ndi manifodi ngati kale. Ndiye musanatsegule silikoni, ikani magasiketi ouma, khazikani manifodi, suzumirani ndi tochi. Mabawuti azilowa ndi zala popanda kukakamiza, mpata wa pakati pa manifodi ndi hedi ukhale wofanana pamwamba ndi pansi, ndipo kutsogolo ndi kumbuyo manifodi isagunde block isanakhale pa magasiketi. Zikapanda kutero ipite ku makina ikadulidwe pang'ono, apo ayi idzayamwa oyilo kuchokera pansi, mapulagi azida, inu nkumanamizira ma ring.

Tsiku lomanga

Injini ikhale yozizira, batire yochotsa, madzi okhetsa. Zungulitsani injini mpaka silinda 1 ifike pamwamba pa kompuresheni, lembani chizindikiro pomwe rota yaloza ndi pomwe thupi la distribyuta lakhala, jambulaninso ndi foni mapaipi onse, chifukwa pa Chevrolet distribyuta imadutsa mu manifodi momwemo kumbuyo ndipo iyenera kutuluka. Ikatuluka injini isazungulirenso, muuzeni mnyamata wothandiza uja asakhudze kiyi. Yalani nsanza zoyera m'chigwa ndi kutseka madoko musanayambe kupala gasiketi yakale, ndipo muziwerenge nsanzazo poika ndi pochotsa. Ngati mukugwirira panja pansi pa mtengo sankhani tsiku lopanda mphepo.

Timalabala kapena tikoko ta kutsogolo ndi kumbuyo tobwera ndi magasiketi tija ambiri amatitaya chifukwa timaterereka, m'malo mwake ikani mzere wa silikoni ya RTV yopirira oyilo wonenepa mamilimita 6, ukwere pang'ono pa makona pomwe block, hedi ndi manifodi zikumana, ndi kapang'ono kozungulira madoko a madzi. Pa madoko a mpweya osapaka silikoni, petulo amaisungunula. Tsitsani manifodi choongoka kamodzi, osaikhwekhwereza. Mabawuti amene mabowo ake amatulukira ku oyilo apakeni sealant pa ulusi. Mangani kuyambira pakati kupita kunja modumphadumpha, kawiri kapena katatu mukuwonjezera pang'onopang'ono, pa small block yakale ya Chevrolet mpaka 25 ft-lb yomwe ndi pafupifupi 34 Nm, koma pa Vortec ndi 11 ft-lb yokha, cha m'ma 15 Nm, mukapitirira mumaphwanya gasiketi. A Ford tsatirani pepala lobwera ndi manifodiyo ndipo musamange makona mwankhanza, amathyoka. Bwerekani torque wrench ngati mulibe, zoti dzanja langa limadziwa zija pa aluminiyamu ayi.

Isiyeni igone usiku kuti silikoni iume, thirani coolant weniweni, sinthani oyilo ndi fyuluta chifukwa madzi ndi zinyalala zimagweramo ngakhale musamale bwanji. Ikalira ikani taiming'i ndi timing light, itenthe, izizire, bwerezaninso mabawuti onse ndi torque wrench, mupeza ena amasuka. Yezani vakyumu mufanizire ndi nambala munalemba ija, singano ikhale yodekha, ikatsika kwambiri kapena idle ikakwera yokha ndiye penapake pakulowa mpweya, yambani kufufuza pansi pa kabureta ndi mapaipi omwe mwina mwaiwala kutseka.

Chotsala ndi ma jet, timabowo toyeza petulo mu kabureta. Kabureta yatsopano imabwera yotcheredwa za kunsi ku nyanja yamchere, ndipo pa Holley lamulo lodziwika ndi kutsika saizi imodzi pa mamita 600 alionse, ndiye kuno ndi saizi imodzi kapena ziwiri. Koma ethanol wa mu petulo wathu amafuna mafuta ochulukirapo pang'ono, ziwirizi zimakokanakokana, ndiye musathamangire kuchepetsa. Ikani mapulagi atsopano, yendani mpaka ku Liwonde komwe ndi kotsika ndi kotentha, tsiku lina mukwere phiri, muziwatulutsa kuona mtundu wake. Akuda a mwaye ndiye petulo wachuluka, oyera mbee ndi injini yolira ngati mukugwedeza misomali m'chitini pokwera chitunda ndiye wachepa kapena taiming'i yapitirira, ndipo zimenezo ndi zomwe zimaboola pisitoni. Sinthani chinthu chimodzi pa ulendo umodzi, ndipo ngati mukukayika pakati pa masaizi awiri khalani pa yaikuluyo, makamaka ngati galimotoyo izitsikira ku Mangochi kapena ku Chikwawa kawirikawiri.